Kanema Wosiya Mchira

Matipate atangoyamba kumene, Alexio wa ku Chisepo anagulitsa bwino fodya wake ku okushoni, ndipo anaganiza zotsegula nyumba yoonetsera vidiyo pamsika. Za makanema sankadziwapo kanthu, koma mlamu wake Benjamini, mchimwene wa mkazi wake Faines, ankagwira ntchito m'sitolo ya zamagetsi ku Lilongwe.

M'sitolomo Benjamini anamuyatsira makanema awiri ofanana msinkhu, naika tepi ya mpira. Anamuuza kuti asatengeke ndi kuwala kwa mitundu, koma adikire pamene osewera akuthamanga. Chithunzi, anatero, chimasintha mophethira ngati diso. Kanema wophethira mofulumira amaonetsa mpira uli wokha, pomwe wotopa amausiyira mchira. Alexio anayang'anitsitsa mpaka misozi kulengeza, ndipo kusiyanako anakuonadi. Anasankha wabwinoyo. Benjamini anati amutumizira pa matola akamumanga bwino m'katoni, poopa mabampu a msewu wafumbi.

Alexio anatsegula nyumba ya vidiyo ija tsiku la msika. Anthu anadzaza mabenchi, jenereta ikulira kuseri, filimu yake ya karate. Pamene anthu a m'filimumo ankangolankhulana zinali bwino, koma ndewu itayamba, munthu mmodzi ankaoneka wa manja ambirimbiri, chibakera chikutsatidwa ndi mithunzi yake. Ena anaseka, ena anatuluka akudandaula mutu.

Alexio anasintha matepi, anabwereka jenereta ina, koma ayi ndithu. Atabwerera ku Lilongwe kukadandaula, Benjamini anamvetsera modekha n'kupukusa mutu.

“Mwina ndi maso, alamu. Fumbi la fodya silichitira chisoni munthu.”

Alexio anakhulupirira, pakuti uyu anali mbale. Anagula mankhwala a m'maso, n'kumadonthezera m'mawa uliwonse ali pakhonde. Tsiku lina Faines, akuchokera kumjigo, anatula ndowa naima pamaso pake.

“Lekani kuthira zimenezo. Maso anu alibe vuto.”

Anamuuza kuti kanema amene iye anasankha ali ku Bowe, m'nyumba imene Benjamini ankakonzera mkazi woti amukwatire. Amene anatumizidwa ku Chisepo uja anali wobwezedwa ndi munthu wina kusitolo. Benjamini anamuuza yekha mlongo wakeyo, uku akuseka, kuti mlimi sangasiyanitse.

“Inu munadziwa liti?” Alexio anafunsa.

“Musanatsegule,” anayankha Faines, maso ali pansi. “Ndimaopa kuti mudana.”

Zimenezi n'zimene zinamulasa kwambiri. Anakumbukira mmene mkaziyo anakolopera nyumba ya vidiyo ija tsiku lotsegulira, akuimba nyimbo ya kutchalitchi, zonse akuzidziwa.

Ku Bowe sanapiteko kukalonda kanemayo. Anasiya za karate, n'kuyamba kuonetsa makwaya ndi maulaliki, momwe anthu amaima malo amodzi ndipo mchira suoneka kwenikweni. Achinyamata anasamukira kwina, pamabenchi n'kumakhala amayi ochokera kumapemphero. Ndi Faines ankalankhulana za kumunda ndi za ana basi.

Ukwati wa Benjamini utafika, Alexio anavala jekete yake napita ku Bowe, chifukwa kukana kukanadzutsa mafunso. Anakhala pampando wa alamu, anadya, anafupa monga ena onse. Madzulo ake Benjamini anamugwira dzanja kuti alowe m'nyumba ndi alendo akaonere vidiyo.

“Nazale yanga sinathiriridwe lero,” anatero Alexio.

Anamasula dzanja lake pang'onopang'ono, anatenga njinga pansi pa mtengo wa mango, n'kuyamba kukwera chitunda cholowera ku Chisepo. Faines anabwera m'mawa mwake pa matola.