Chipere cha Pamsana pa Yotamu

1.
Chili bwanji lero?
Chikadalipo.
Yotamu wakhala pa kampando pakhonde, malaya ali pa maondo, maso ali ku khola la nkhunda. Kumbuyo kwake kwaima Nachisale, mkazi wake, kapena amene adali mkazi wake, pakuti nkhaniyo sinagamulidwe. Chala cha Nachisale chikuzungulira pakati pa mapewa, pamene dzanja la mwini wake silifika ndipo maso ake sangaonepo. Fungo la bulugamu. Yotamu watsinzina ngati mphaka wowothera dzuwa.

2.
Adatchona. Adapita ku Joni mwana wawo Esinati akuyamwa, nabwera Esinatiyo ali ndi ana akeake ku Lilongwe. Zimene adabwera nazo:
chikwama cha zipi yoduka
chipewa
Chizulu chongotukwanira
chipere chachikulu ngati chivundikiro cha poto, pamsana.
Mudzi ndi wa kuchikazi, iye ndi mkamwini, ndipo mkamwini wotchona sabwera ndi mawu. Abale a Nachisale adati abwerere kwawo, ngakhale onse ankadziwa kuti kwawoko kudatsala mabwinja okhaokha. Mkanganowo uli mkati, Nachisale adamuona akudzikhula pa mtengo wa mango ngati mbuzi.
Munthu sapirikitsidwa akudwala, adatero Nachisale, anthu angatinene. Muzigona m'khitchini yakaleyo. Chiperecho chikapola, muzipita.

3.
Amayi, ndine Esinati, mukundimva? Ndatumiza kabotolo pa minibasi. Ndi mafuta a masamba a bulugamu, amachita kuwatcheza ngati kachasu. Musawapake okhaokha, amawotcha. Mudonthezere pang'ono m'mafuta a kokonati ndakuikirani aja, kenako muzipaka. Chikakana mupite nawo kuchipatala. Mwamva amayi?
Nachisale adamva bwinobwino. Tsiku loyamba adapaka okhaokha.
Yotamu adadumpha, navina gule wopanda ng'oma, nkhuku n'kumwazika.
Pepani bambo a Esinati, adatero Nachisale nkhope ili gwa, ndinaiwala.
Tsiku lachiwiri adasakaniza.

4.
Chili bwanji lero?
Chikadalipo.
Ndipo tsiku limayamba bwino, chifukwa munthu amene chipere chake chikadalipo ali ndi pokhala, amadzuka n'kukonza chitseko cha khola, amanola makasu amene palibe wamutuma kunola, amamanga thandala latsopano mbale zisamagwere pansi, amakwera padenga kukatseka pamene pamadontha, amadya payekha pakhomo pa khitchini koma ndiwo zake zimabwera zothira mchere monga momwe ankakondera kale, ndipo dzuwa likapendeka amamva kabotolo kakugunda pa mbale, amavula malaya osadikira kuitanidwa, amakhala pa kampando kuja, mtima uli m'malo, akusangalala, inde akusangalala ndi matenda, zimene sangauze munthu aliyense

5.
Iwe Yotamu, ukutani kuseri kwa khola ndi mbale ya mankhwala?
Ukukhuthula. Ukuthiramo mafuta ophikira amene waba m'kabati, n'kusiyamo kadontho ka bulugamu kuti fungo lisakuulule. Wazindikira kuti kuyabwa kwachepa, ndipo wachita mantha. Anthu amapempherera kuchira, iwe ukupempherera chipere. Mlendo ndi mame, ukudziwa, dzuwa likatuluka sachedwa kukamuka. Ndiye ukufuna kuchedwetsa dzuwa ndi mafuta okazingira mandasi.
Munthu wamkulu, wa imvi.
Manyazi ulibe. Uli nawo, koma ndi ochepa poyerekeza ndi manthawo.

6.
Nkhani zina zimanenedwa bwino kwa msana kusiyana ndi kwa nkhope. Chala chikamazungulira, Nachisale amayankhula, osakweza mawu, ngati akuwerenga mbewu:
chaka chimene mphepo idasasula denga, ndidafolera ndekha
chaka cha njala tidadya gaga
amayi anu atamwalira ndidapita, ndidagona pasiwa, anthu akundifunsa za inu
Esinati adadwala chikuku, ndidamubereka mpaka kuchipatala mvula ikugwa
adabwera mphunzitsi wina kudzandifunsira, wa njinga yatsopano.
Munamuyankha chiyani, aNachisale?
Khalani bwino, mukugwedera.
Yotamu amamvetsera. Poyamba ankafuna kuyankha, kufotokoza za migodi, za manyazi obwera chimanjamanja amene amakula chaka ndi chaka mpaka njira yobwerera kuiwalika. Adapeza kuti Nachisale sakufuna yankho. Akufuna msana woti unyamule, ndipo msana ulipo.

7.
Chili bwanji lero?
Chikadalipo.
Chikuchepa?
Mwina. Chipere n'chouma mutu, chimatengera mwini wake.

8.
Chilimwe. Lufeyo, mchimwene wa Nachisale, yemwe uja ankalimbikira kuti mtchona achoke, akuumba njerwa ku dambo ndipo manja amuchepera. Yotamu wapita osaitanidwa. Dzuwa likuswa mtengo, aliyense wavula malaya, ndipo iye wavulanso osaganiza. Wawerama, akuponda dothi.
Alamu, akutero Lufeyo ataima kumbuyo kwake, chipere chija chili pati?
Pakati pa mapewapo. Simukuchiona?
Lufeyo wayang'ana nthawi yaitali. Wapukuta matope pamsanapo ndi chikhatho, mwamphamvu, ngati akutsuka gome.
Msana uwu uli see ngati wa khanda. Ngakhale chipsera palibe.
Yotamu waima. Matope akumufika m'mawondo. Akuganiza za khitchini yakale, za chikwama cha zipi yoduka, za njira ya kumabwinja.
Ndiye kuti chapola dzulo, akutero.
Dzulo lanji? Mlongo wanga adaona kuti mafuta anuwo akungonunkha mandasi, adapita kuchipatala kukakutengerani kachubu ka mankhwala. Ndidamuperekeza ndine pa njinga. Chimanga chidali chisanakhwime n'komwe.
Lufeyo watola chikombole chake, akupukusa mutu.
Ine sindinaone kanthu alamu. Zam'banja sindilowerera. Bweretsani dothilo.

9.
Dzuwa lapendeka. Kabotolo kagunda pa mbale.
Yotamu wavula malaya pang'onopang'ono, wakhala pa kampando. Kumbuyo kwake kuli mkazi amene nyengo yonse yokolola wakhala akuyang'ana khungu losalala, n'kumajambulapo ndi chala chipere chimene kulibe, osaphonya malire ake.
Akhoza kunena kuti wadziwa. Akanena, Nachisale ayenera kusunga mawu amene adanena pamaso pa abale ake, chifukwa ndi munthu wosabweza mawu.
Wafunsa monga mwa masiku onse.
Chili bwanji lero?
Chala chaima. Chakhudza katope kouma kamene katsalira pansi pa phewa, kakuonetsa pamene dzanja la munthu wina lapukuta. Nachisale wakatsomphola ndi chikhadabo, wakayang'ana, wakataya.
Chafalikira, akutero.
Ndimamva ine. Chikundiyabwa kwambiri.
Ichi n'chamtundu wovuta, bambo a Esinati. Sichifuna mphepo.
Nachisale watola mbale ndi kabotolo, walowa m'nyumba yaikulu, chitseko wachisiya chotsekula.
Tengani kampandoko, akutero ali m'kati.