Tochi ya Masana

Injini ya pikapu ya Mayi Wamazira sinawavute a Makanika. Anaiphwasula yonse mpaka kutsala buloko yokha, anaika maringi ndi gasiketi zatsopano, namanga mabawuti a hedi monga momwe buku la galimotoyo limanenera, kuyambira pakati kumka kunja. Ntchito yotere manja awo ankaidziwa okha. Chomwe chinawaimitsa mutu ndi mawaya.

Pikapuyo inali itakhala miyezi yambiri mushedi, pafupi ndi matumba a chakudya cha nkhuku, ndipo makoswe anamanga banja kuseri kwa injini. Anatafuna mtolo waukulu wa mawaya, uja amakanika amati hanesi, pamalo pomwe umalowera ku dashibodi. Atasenda tepi yakale, a Makanika anapeza nsonga zoduka zili balala, zina mbali iyi, zina mbali iyo, iliyonse ikudikira inzake.

Buku anali nalo. Linali chibuku chonenepa cha fotokope, chikuto chong'ambika, masamba ake odzaza zidindo za zala za oyilo. Kumapeto kwake kunali mapu a mawaya, ndipo pamzere uliwonse panali zilembo zonena mtundu wa waya ndi mtundu wa kamzere kake. Bukuli ankalikonda chifukwa zonse m'menemo zinali zakuda ndi zoyera basi. Vuto linali mawaya enieniwo. A Makanika anabadwa ndi maso osasiyanitsa chofiira, chobiriwira ndi chabulauni. Kwa iwo zonsezi zinali ngati dothi louma, lina lodera, lina loyererapo.

Pa ntchito yawo yonse panalibe kasitomala kapena makanika mnzawo amene anadziwa zimenezi. Ikabwera galimoto ya vuto la magetsi, ankangoitana chakukhitchini kuti, "Amake mwana, tadzandigwirireni tochi." Akazi awo ankabwera akupukuta m'manja, n'kukokera kampando kachitsulo pafupi ndi boneti, n'kuunika. Akuunika chomwecho ankanong'ona. Wofiira wa mzere woyera ndi uwo mwagwirawo. Ayi, winayo. Makasitomala ankaseka. "Chikondi chakechi, tochi dzuwa lili pamutu?" Akazi awo ankayankha kuti mwamuna ukamusiya yekha mumdima wa m'boneti amaganiza zambiri.

Chimwalirire akazi awo, a Makanika ankabweza aliyense wobwera ndi vuto la magetsi. Ankati za mawaya anasiya, apite kwa anyamata a galaja yakumsewu. Koma munthu ukamubweza ndi vuto la nyali sabweranso ndi vuto la mabuleki. Bwalo linayamba kumera udzu. Pikapu ya Mayi Wamazira inali ntchito yaikulu yoyamba kulowa pageti chichitikire maliro, ndipo anailandira poganiza kuti ndi ya injini yokha.

Anayesetsa kuchita popanda maso. Anatenga mita yoyezera magetsi ndi waya wautali, n'kumagunda nsonga imodzi kuboneti, kuzungulira kukagwada pansi pa chiwongolero, kufufuza mpaka mita ilire, kenako kuyang'ana nambala ya pulagi m'buku. Mawondo analira, koma mawaya ambiri anapeza anzawo. Anatsala ochepa amene pulagi yawo makoswe anaidya ndi manambala omwe. Amenewa ankapita ku kabokosi koyendetsa mahita, aja otenthetsa injini ya dizilo isanalire, komanso ku pampu ya dizilo. Onse anali onenepa mofanana. Buku linkanena mitundu yawo momveka bwino. A Makanika anawatulutsira padzuwa, anawayang'ana mpaka m'maso misozi, kenako anangosankha.

Mayi Wamazira anafika iwo akumanga batire. Anali mayi wothamanga, foni kukhutu nthawi zonse, ndipo chifere galimoto yake mazira ankawatumiza panjinga, ena n'kumafika ataswekera m'njira.

A Makanika anapotokola kiyi. Injini inadzuka ndi mawu okoma, osalala, moti mayiyo anachotsa foni kukhutu. Asanamalize kumwetulira, inazima ngati wina waigwira pakhosi. Anayesanso, chimodzimodzi. Kenako kunamveka fungo la chinthu chopserera. Anathamangira kukazula batire, koma mahita anali atapsa kale.

"Bambo, ndinene zoona," anatero Mayi Wamazira. "Anthu anandiletsa kubwera kuno. Amati a Makanika anatha, mutu unapita ndi mayi aja. Ine ndinakuikirani kumbuyo. Mawa madzulo ndibwera. Ikapanda kuyenda, ndiitana anyamata akumsewu adzaikoke ndi chingwe."

"Mwamveka, mayi."

Anadziwa kuti pikapu ikatuluka pageti lawo ili pachingwe, msewu wonse udzaona, ndipo geti limenelo silidzalowanso galimoto. Mahita ena anali nawo m'bokosi. Koma kulotanso sakanatha. Akanaphonya kachiwiri, kakanapsa ndi kabokosi kaja, komwe sikapezeka m'sitolo.

M'mawa mwake anakhala patayala, buku pamiyendo, osagwira kanthu. Pakampando kachitsulo kaja panali chigubu cha oyilo chomwe anachiikapo kalekale kuti maso asamagwere pampando wopanda munthu.

Chakumasana geti linalira. Analowa alamu awo, akulu ake a malemu, mayi wamtali wa ndodo, amene amakhala kutali ndipo anabwera m'tauni kudzasinthitsa magalasi a maso.

"Alamu, muli moyo? Ndimayesa pano anagula ndi oweta mbuzi, udzu wakewu."

"Tilipo, alamu. Lowani m'nyumba, ndikuikireni madzi a tiyi."

"Tiyi wanu ndimamudziwa, amanunkha dizilo." Anaima n'kuwayang'ana kuyambira kumutu, ndipo maso anakaima kumapazi. "Magalasi atsopanowa akundionetsa zoopsa. Sokosi ina yofiira, ina yobiriwira."

A Makanika anabweza mapazi pansi pa tayala.

"Anthu akumati ndi chisoni," anapitiriza alamuwo. "Ine ndimangoti eya. Koma tsiku loyamba kufika kwathu munavala chomwechi. Amayi anafunsa kuti mnyamatayu ndi wa zisudzo kapena bwanji."

"Anakuuzani ndi mng'ono wanu?"

"Uja? Anapita nazo kumanda. Ndinaona ndekha, tsiku lija munatithandiza kuthyola tomato n'kudzaza ndowa ndi wosapsa yekhayekha, nkhope ili gwa ngati mwagwira ntchito." Anasuzumira m'boneti, naona nsonga za mawaya zili pamtunda, naonanso buku lotsegula. "Tochi ili kuti?"

A Makanika anayang'ana dzuwa. "Masana ano siifunika."

"Ndikudziwa. Ndikungofuna chogwira m'manja."

Anakawatengera tochi. Alamuwo anayang'ana kampando kachitsulo ndi chigubu chake, ndipo a Makanika sanasunthe. Mayiyo anangotsamira pagalimoto, ndodo n'kuikoleka pagalasi.

"Buku likuti wofiira wa mzere woyera," anatero a Makanika. "Wopita ku pampu."

"Ndi uwo. Ayi, mwagwira wobiriwira. Wakumanzere kwakewo. Nanga uyu munamulumikiza ndi wabulauniyu, anakulakwirani chiyani?"

Mawu awo anali a munthu wozolowera kuitana ana kutsidya la msewu. A Makanika anacheukira kugeti.

"Tsitsaniko mawu, alamu."

"Mukuopa ndani, makoswe? Iwo aja anadya mitundu yonse osasankha, ndi anzanu."

A Makanika anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno, ndipo anadabwa kukumva. Anapitiriza. Iwo ankawerenga m'buku, alamu ankaloza, ndipo waya aliyense akapeza mnzake ankamupotokola pamodzi kuti adzawotcherere bwino pambuyo. Ntchito yomwe inawagoneka mutu uli wowawa inatha msanga kuposa momwe madzi a tiyi amawirira. Kangapo konse a Makanika anapendeketsa khutu chakumanja, komwe kunkachokera kunong'ona kuja, koma mawu ankabwera chakumanzere, okuwa.

Alamuwo anazimitsa tochi n'kuiika padenga la galimoto.

"Basi yanga siidikira. Ndipo ndikuuzeni, alamu, musandiwerengere. Kwathu n'kutali, miyendo inatha. Lero mwangochita mwayi."

"Ndathokoza."

"Kuthokoza n'kwabwino, koma mawa kubwera galimoto ina. Mng'ono wanga anakubisani bwino, mwina anapyoza muyeso. Tsopano wokubisani kulibe."

A Makanika anawaperekeza mpaka pageti. Atabwerera anawotcherera mawaya mmodzimmodzi, anawakulunga tepi yatsopano mothina mpaka mtolo unabwerera mwakale, naika mahita ena. Anamanga batire. Anakhala pampando wa dalaivala, napotokola kiyi, nadikira kanyali ka mahita kazime, kenako analiza.

Injini inadzuka. Anadikira kuti izime. Sinazime. Inangopitiriza kugunda mofatsa, galasi la pachitseko likunjenjemera pang'ono. Anatsika, anagwira mawaya, anali ozizira. Pakamwa panatseguka kuti anene kuti yadzuka, koma pafupi panali chigubu cha oyilo chokha. Anaisiya ikulira nthawi yaitali kuposa momwe buku limanenera, chifukwa ikazima pabwalo pamakhala zii.

Mayi Wamazira anafika dzuwa litapendeka, chingwe chili m'manja. Anamvetsera injini, anayesa nyali, anayesa hutala, kenako chingwe chija anachiponya kumbuyo kwa pikapu.

"Ndiye anthu aja amanama," anatero. "Achimwene anga ali ndi minibasi, nyali zake zimayaka zikafuna. Koma paja munati za magetsi munasiya."

A Makanika anapukuta m'manja ndi kansanza, chala chimodzichimodzi.

"Abwere nayo. Koma abwere ndi munthu wa maso, wodzandiuza mitundu ya mawaya. Ine chofiira ndi chobiriwira sindisiyanitsa. Ndinabadwa choncho."

Aka kanali koyamba mawu amenewa kutuluka pakamwa pawo, ndipo anamveka aafupi kuposa momwe ankaganizira. Mayi Wamazira anawayang'ana kumaso, kenako kumapazi.

"Basi? Ife timati mwayamba kumwa." Anakwera, natseka chitseko, natulutsa mutu pawindo. "Abwera okha achimwenewo. Maso ali nawo, chomwe alibe ndi nzeru."

Pikapu inatuluka pageti ndi mphamvu zake, inakhota, ndipo mawu ake anamka nachepa mpaka anasakanikirana ndi a magalimoto ena. Pabwalo panatsala banga la oyilo ndi tizidutswa ta tepi yakale. A Makanika anatola zitsulo zawo, anatseka buku n'kukalibwezera pashelefu. Tochi anaiika mudirowa, pansi pa masipanala.

Kenako anachotsa chigubu pakampando kachitsulo. Pansi pake panali bwalo la dzimbiri. Anakapukuta ndi kansanza, dzimbirilo silinachoke, ndipo anakaika pamthunzi, pafupi ndi pomwe minibasi idzaime.