Mwezi pa Kolala

M'tauni iyi ya ku Georgia, ku America, imene inamera m'mbali mwa mpanda wa kampu ya asilikali, galimoto yakuda yoyenda pang'onopang'ono si yoiyimirira kutsogolo. Ukaiona, lowetsa ana m'nyumba. Mayi Ozella Tibbs ankachenjeza aliyense choncho, koma eni akewo ankaswera pakhonde, maso kumsewu, chipitireni kunkhondo Lamont, mdzukulu amene analera okha.

Galimoto yotere imabwera ndi anthu awiri, msilikali wodzanena za imfa ndi m'busa wa asilikali. Kuwerenga mayi Ozella sankadziwa, koma chizindikiro cha pa kolala ya m'busa ankachidziwa. Mtanda ndiwo unkawaopsa, poti mtanda ngwa ambiri: a Baptist ngati iwo, Akoreya a Presbyterian, Akatolika a ku Puerto Rico a kumapeto kwa msewu.

Masana ena ankasenda nyemba ndi Sun-ja, mnansi wawo wachikoreya, mkazi wamasiye wa sajeni.

"Khosilo lidzauma chopindika, amayi inu," anatero Sun-ja. "Ulondawu anakulembani ndani?"

"Inu sendani nyemba. Theka mukulisiya m'makoko."

Galimoto yakuda ija inakhotera mumsewu wawo. Inaima pakati pa nyumba yawo ndi ya mayi Zainab, Msilamu yekhayo mumsewumo, amene mwana wawo wamkazi anali kunkhondo komweko. Munatsika amuna awiri. Pa kolala ya wamkuluyo panali kamwezi, chizindikiro cha m'busa wa Chisilamu.

"Ndi kwa a Zainab," ananong'ona mayi Ozella. Sanamve chisoni, sanamvenso chimwemwe, anangopuma. "Nyembazi tisaikemo nkhumba. Tipita nazo kumeneko."

Amuna aja analambalala geti la a Zainab, nakwera masitepe a mayi Ozella.

"Mwasokera, ana anga," anatero mayiwo, akuloza. "Khomo lake ndi ilo."

"Ndinu mayi Ozella Tibbs?"

"Ife ndife a Baptist."

"Ndikudziwa, mayi," anayankha wa kamwezi uja motsitsa mawu. "Kungoti lero pa ntchito ndili ine."

Wamng'onoyo anayamba kunena mawu ake oloweza pamtima. Dzina la Lamont linamveka pakati pake, lonse, mpaka la ubatizo. Mayi Ozella ankangoyang'ana kutsidya kwa mpanda, kumene a Zainab anaima pakhomo atagwira chitseko, mpango uli m'manja. Dzanja la mayi Ozella linali likulozabe komweko. Sun-ja anaika mbale pansi, naligwira, nalitsitsa.