Chingwe cha Mbuzi

Fadila anagwira mbali inayo ya chingwe chimene amalume ake ananyamula, n'kukanirira.

"Siyani, amalume. Chingwechi ndi cha mbuzi, ndipo mbuziyo taizinga kale."

A Abdulrahim, mlongo wamkulu wa malemu mayi ake, anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. Linali tsiku la sadaka ya mayiwo, Dokotala Lukiya Jamali, kwawo kwa Mposa. Mpunga unali utapsa, ndipo alendo a ku yunivesite anali ataimba foni kuti awoloka pa Liwonde.

"Kukubwera azungu kuno," anatero a Abdulrahim. "Ukufuna apeze wamisala akuzungulira pabwalo? Timumangirira m'chigafa mpaka apite. Mawa ndikamusiya kwa sing'anga ku Rivirivi, azikakhala konko."

Wonenedwayo anali mng'ono wawo weniweni, a Swaibu, amene anakhala patsinde pa mango akudziyankhulira chamumtima koma milomo ikugwedera. Matenda a maganizo anawayamba ali mnyamata.

Dziko ili lilibe manyazi. Moyo wake wonse Lukiya anauthera ku Joni ndi ku Ulaya, kufufuza chifukwa chimene mzungu akadwala maganizo amapatsidwa mpando ndi dokotala womumvetsera, pamene munthu wakuda amamuitanira apolisi ndi unyolo. Mabuku analemba, m'misonkhano anakangana mpaka mawu kusasa. Lero dothi la pamanda pake lisanaume, chingwe chatulukira m'nyumba yomwe anabadwira.

"Iyayi, amalume," anatero Fadila. "Alendowo akubwera chifukwa cha mayi, ndipo mayi zimenezi amadana nazo. Mukawamanga, inenso ndikakhala m'chigafamo. Akandipepesere konko."

"Iwe mwana! Mwini mbumba ndine pano!"

"Mwini mbumba amasunga anthu, samanga."

Amayi a kumoto anasiya kupakula. Fadila anali ndi mantha, koma chingwe sanachitaye. Anachitaya ndi a Abdulrahim.

"Akachita zake, manyazi ndi ako," anatero, n'kulowera kumene kunakhala mashehe.

Fadila anaponya chingwecho padenga la khola. Kenaka anapakula mpunga ndi nyama, n'kukagwada kwa a Swaibu, amene chakudya ankangochikankha chichitikireni maliro.

A Swaibu anasamba m'manja mosafulumira. Ndi chala, anadula mzere pakati pa mpungawo. Nthuli yaikulu anaikankhira tsidya linalo, n'kutembenuza mbale kuti mbaliyo iloze pamalo popanda munthu. Anapinda manja, akudikira.

"Idyani, amalume."

"Amayamba ndi Lukiya," anatero motsitsa. "Amati akapanda kudya nane, enawa aziopa mbale yanga."

Fadila anakokera beseni la madzi kwa iye. Abambo onse akuona, anakhala pansi pafumbipo, n'kusamba m'manja.