Kompyuta Imene Ankhoswe Anaigawa Pakati

Lachitatu pa 11 Juni 2025, pa boma la Neno, ankhoswe awiri anagawa kompyuta imodzi pakati. Kompyutayo inali ya Kettie ndi mwamuna wake Limbani, ndipo ankabena nayo, kutanthauza kukopera anthu nyimbo ndi mafilimu, m'kashopu kuseri kwa msika.

Mlandu unayamba pa 29 Meyi. Limbani analandira mafilimu atsopano a karate, aja omasuliridwa m'Chichewa, koma kompyuta inati malo atha. Anafufuza chimene chinkadya malo, anapeza foda yolembedwa kuti UKWATI, anaifufuta, nakhuthulanso bini, mmene zofufutidwa zimayamba zasungidwa. Mufodamo munali zithunzi za ukwati wawo wa mu 2019. Zina zinali za mayi ake a Kettie, amene anamwalira mu 2021, ndipo chithunzi chawo china kunalibe kwina kulikonse. Zokazichapitsa ku Mwanza ankangoti mawa, mawa.

Kettie anatulukira mafilimu aja asanalowe. Anakankha mwamuna wake pampando, anasintha pasiwedi, mawu achinsinsi otsegulira kompyuta, anazimitsa kompyuta, nathamangira kwa Felista wokonza mafoni.

"Chofufutidwa sichifa tsiku lomwelo," anatero Felista. "Chimakhala momwemo mu hadi disiki, m'bokosi lakuda la kompyuta lija, kungoti kompyuta yaiwala pamene inachiika. Chimafa mukalowetsa zatsopano pamwamba pake. Musaikemo kanthu. Ndikakutengerani pulogalamu yofukula ku Blantyre."

Pulogalamu isanabwere, mawu anachuluka m'nyumba, mbale zinasweka, ndipo Kettie anaitanitsa amalume ake, a Gerishon, amene amalima mbatatesi ku Dambe. Limbani naye anaitana nkhoswe yake, a Laimoni a ku Matope. Anakhala pakhonde. Bedi linapita kwa mkazi, njinga kwa mwamuna. Nkhuku zinagawika bwino kupatula tambala, amene anagwirizana kuti adyedwe ndi ankhoswe. Kenako anatulutsa kompyuta naiyala pamphasa: sikirini, bokosi lakuda, kiyibodi, mausi, ndi zingwe.

Kettie anagwada pafupi ndi amalume ake nanong'ona. "Amalume, zina zonse zisiyeni. Tengani bokosi."

A Gerishon anamuyang'ana mwachisoni. Iwo ankadziwa kuti mkazi akasweka mtima amasankha zoipa dala.

"Khala chete, mwanawe. Ndabwerera zimenezi."

"Koma amalume, zithunzi zili m'bokosimo."

"Zithunzi ndinaziona ndi maso angawa chaka chatha. Zinali pagalasi apa." Anagogoda sikirini ndi chala. "Bokosili ntchito yake n'kulira ngati mng'oma wa njuchi basi."

A Laimoni nawo anali atabwera ndi nzeru yomweyo, choncho nkhondo inali pa sikirini. A Laimoni anati mwamuna ndiye mutu wa banja ndipo galasi ndiye mutu wa kompyuta. A Gerishon anati mkamwini ameneyu anabwera pakhomo ndi chikwama chimodzi chong'ambika zipi, ndipo mwana wa mlongo wawo sachoka pano ndi bokosi lopanda nkhope iwo ali moyo. Anakumbutsa za mbuzi imene abale a mwamuna anadya paukwati osaitanidwa. A Laimoni anagonja.

Limbani, amene ankadziwa bwino lomwe chimene bokosi lili, anangoyang'ana pansi ngati munthu woferedwa.

Zotsalazo anazigawa mwachilungamo. Kiyibodi inatsata bokosi chifukwa a Laimoni anati mbali yawo yapwetekedwa kale. Mausi inapita kwa Kettie chifukwa ndi kakang'ono. Zingwe anaziyala pansi naziyeza ndi dzanja kuti wina asalandire chachitali.

A Gerishon ananyamula sikirini okha, atayikulunga m'jekete, mpaka kunyumba kwa Felista kumene Kettie ankagona masiku amenewo. Anaiika pa tebulo, analamula kuti ilumikizidwe kumagetsi, nakhala pampando miyendo atasanjikiza. Pagalasi panatuluka kabokosi ka mawu achingerezi kamene kankayendayenda kuchoka pakona ina kupita pakona ina.

"Ikuti chiyani?"

"Ikuti sikumva kanthu. Ikufuna bokosi," anatero Kettie.

"Ipatseni nthawi. Yazolowera kwawo."

Anadikira mpaka tiyi anazizira. Kettie anawafotokozera modekha kuti sikirini ndi zenera chabe, nyumba ndi bokosi lija, ndipo iwo amenyera nkhondo zenera n'kusiyira mkamwini nyumba yonse ndi katundu wake. A Gerishon anasenda nachesi, anadya, analavula njere m'dzanja.

"Nanga bwanji sunanene?"

Kettie anayamba kuchotsa makapu pa tebulo. Munthu amene anakulera sumukumbutsa zinthu zotere.

Chimene chinkamugoneka tulo chinali chimodzi: Limbani sankadziwa pasiwedi. Anamva kuti wabwereka TV kwa mwini bala, walumikiza bokosi, ndipo wakhala tsiku lathunthu akulemba mayina a matimu a mpira, kompyuta ikukana. Koma Lamlungu pa 15 Juni Felista anafika kuchokera ku Blantyre ndi zinthu ziwiri. Choyamba chinali kafulashi kokhala ndi pulogalamu ija. Chachiwiri inali nkhani imene anaimva kwa wakabaza: Limbani wapangana naye kuti Lachiwiri amutengere bokosi ku Zalewa akalifomate.

"Kufomata ndiye kutani?" anafunsa a Gerishon.

"Kusesa zonse n'kuikamo zatsopano," anatero Kettie. "Akatero, amayi apita."

A Gerishon anavala jekete. Malemuwo anali mlongo wawo wa bere limodzi.

Ankhoswe anakumananso Lolemba pa 16 Juni, m'kashopu muja. A Gerishon anayamba ndi kunena kuti kugawa kuja kunali ndi chinyengo, chifukwa bokosi linagawidwa lili ndi katundu m'mimba. Munthu akagula mbuzi ya bere amauzidwa.

"Ngati muli katundu, titsegule tigawane," anatero a Laimoni.

Limbani anamasula zomangira ndi mpeni nachotsa chitseko cha m'mbali. Akuluakulu awiriwo anagunditsa mitu posuzumira. Munali fumbi, kachipupizira, bolodi lobiriwira lokhala ndi timisewu tambirimbiri, ndi timazira tiwiri ta nalimata.

"Nyimbo zili kuti?" anafunsa a Laimoni.

"Ndi mafilimu aja achina omenyana?" anawonjezera a Gerishon.

Kettie analoza kachitsulo kosalala, kakukula ngati sopo wochapira. "Zonse zili umu. Nyimbo, mafilimu, mapulogalamu amene amaiuza kompyuta chochita. Sizioneka ndi maso."

"Chinthu chosaoneka ndi maso chimadzaza bwanji malo?"

"Ngati mkwiyo, ankhoswe anzanga," anatero a Gerishon, amene tsopano ankadziona katswiri. "Suoneka, koma munthu amakhuta nawo."

A Laimoni anatembenuza mutu uku ndi uku. "Chabwino. Kwa owotcherera zitsulo kuja ali ndi sowo. Tikadule pakati, aliyense atenge nyimbo zake."

Kettie anadziponya pabokosi lija ndi manja onse awiri. "Aliyense wokhudza kachitsuloka ayambe wadula ine!"

Ndipo poti mawu anali atatseguka, ananena zonse. Sanafune nyimbo, sanafune shopu, ngakhale bedi akhoza kubweza. M'kachitsulomo munali amayi ake atavala duku lachikasu, akuvina pa perekaniperekani, ndipo filimu imodzi ya karate ikangolowa idzawagona pamwamba.

Limbani anakweza mutu koyamba. "Si muli nazo mufoni, aKettie?"

"Foni imene munagwetsera m'chitsime ija?"

Limbani anaweramitsanso mutu.

A Laimoni anakhosomola. Iwo anati chisoni achimva, koma mwambo ndi mwambo. Bokosi ndi la mbali yawo, ndipo mbali yawo yapatsidwa nyumba yokiya. Kiyi wake, amene akumutcha pasiwediyo, ndi katundu wa banja amene anabisidwa tsiku logawa. Abwere naye pano aikidwe pamphasa.

"Ali m'mutu mwanga," anatero Kettie.

"Ndiye agawidwe momwemo."

A Gerishon anaganiza mozama navomera kuti n'chilungamo. Chigamulo chinali chakuti theka loyamba la pasiwedi likhale la mkazi, theka lachiwiri anong'oneze mwamuna. Kettie anayesa kupempha kuti ayambe wasintha, koma ankhoswe anati katundu amagawidwa mmene alili. Anayandikira khutu la Limbani nanong'ona mawu amodzi.

Limbani anaphethira. "Loyambalo ndi chiyani?"

"Limenelo mukulidziwa kuyambira tsiku limene munabatizidwa."

Kenako anayamba kulumikiza kompyuta. A Gerishon analemba mzere wa choko pakati pa tebulo kuti katundu asasakanikirane: sikirini ndi mausi kumanzere, bokosi ndi kiyibodi kumanja. Zingwe zokha ndi zimene zinaloledwa kuwoloka malire, ndipo chilichonse chikamawoloka a Laimoni ankati, "Mwaona, ankhoswe anzanga? Tangobwereketsa." Bokosi linalira, galasi linawala. Kettie anapempha chilolezo chogwira kiyibodi, analemba theka lake. Limbani anakoka mpando, nalemba lake ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, moti a Laimoni amene anaima kumbuyo kwake anawerenga zilembo zonse mokweza.

"Chi... tsi... ru. Iwe, akukutukwanatu apa!"

"Zisiyeni, amalume," anatero Limbani. "Kompyuta yavomera."

Kettie analowetsa kafulashi ka Felista natsegula pulogalamu. Inamufunsa kuti zimene ifukule iziike kuti. Apa anachotsa dzanja pa mausi. Felista anali atamuchenjeza kuti zofukulidwa zisabwerere mu hadi disiki momwemo, chifukwa zingapondereze zinzake zimene zikadali pansi. Kafulashi ka Felista kanali kakang'ono, kodzaza kale. Kettie anakhala manja ali m'masaya.

Limbani anapisa dzanja m'malaya natulutsa fulashi yaikulu imene ankaivala pakhosi ndi chingwe cha nsapato. Munali mafilimu aja a pa 29 Meyi, amene anali asanaonere ndi imodzi yomwe. Anaiika pa tebulo, naikankha ndi chala mpaka inawoloka mzere wa choko.

"Fufutani."

"Onse?"

"Fufutani msanga ndisanaganize."

"Imeneyonso sinagawidwe," anatero a Laimoni, koma palibe anawamva.

Pulogalamu inayamba ntchito. Pagalasi panatuluka mzere wobiriwira umene unkakula pang'onopang'ono ngati dzungu. Choyamba kufukulidwa chinali nyimbo ya kwaya imene inafufutidwa kalekale. Kenako chithunzi cha nkhuku ya munthu wosadziwika. Kenako chithunzi cha Limbani atavala suti yobwereka, manja ake akuthera m'kati mwa jekete, ndipo a Gerishon anaseka mpaka kugwira khoma.

Chotsatira chinatseguka kuchokera pamwamba. Denga la holo, mabaluni, duku lachikasu, chipumi, maso awiri akuseka. Kuchokera pamphuno kupita pansi panali potuwa pokhapokha.

A Gerishon anavula chipewa. "Ndi iyeyo. Maso a Eliness amenewo."

"Kwatsalako kuli kuti?" anafunsa Kettie, osayang'ana munthu.

"Anawajambula kambiri tsiku lija," anatero Limbani. "Povina paja, ndi podula keke. Pali china chathunthu. Chiyenera kukhalapo."

Felista atafika dzuwa likupendeka, anayang'ana mzere uja nati hadi disikiyo ndi yokalamba, ntchitoyi ikhoza kufika mawa kapena mkuja, ndipo pasapezeke wozimitsa kapena wosolola chingwe. Apa panabuka vuto la mwambo. A Laimoni anati mbali yawo singasiye bokosi m'manja mwa anthu amene analekana nawo. A Gerishon anati sikirini imene anaimenyera nkhondo siigona kwa mkamwini popanda mwini wake. Anagwirizana kuti eni katundu onse awiri akhale pomwepo, aliyense mbali yake ya choko, kufikira makina atamaliza. Za ukwati anati sangagamule katundu akadali wolumikizana. Atatero anapita kukaona za tambala uja.

Lachiwiri pa 17 Juni wakabaza anafika kudzatenga bokosi la ku Zalewa ndipo anabwezedwa. Anapeza Kettie kumanzere kwa tebulo, Limbani kumanja, pakati pawo pali makoko a manachesi amene sizinadziwike kuti ndi a mbali iti. Mzere wobiriwira unali utangodutsa pakati. Chithunzi chathunthu cha mayi Eliness chinali chisanatuluke.