Chikepe cha a Jailosi

Pa Chitakale panalibe chinthu chonyaditsa ngati chikepe cha m'nyumba yosanja ya a Jailosi. Anthu ankachokera ku Muloza kudzangokwera n'kutsika, osagula ngakhale singano. Koma Marcia, amene ankayang'anira nyumbayo, ankadziwa kuti amisiri anali asanachione kwa chaka chathunthu, ndipo chinkalira ngati chigayo chokalamba.

Lachinayi lina masana chinaima pakati pa nsanjika yoyamba ndi yachiwiri. Magetsi analipo bwinobwino. Chinangotopa basi.

Marcia anathamangira kumtunda n'kugogoda chitseko chachitsulocho.

"Muli ndani m'menemo?"

"Ndine Wahabu wa ku Limbuli, mayi," anatero mawu a bambo kuchokera pansi. "Ndinabwera kudzagula nsalu ya nsanda m'sitolo ya pamwambayo. Amayi atisiya m'mawa uno."

Marcia anasiya kugogoda. Anakulira pakati pa Asilamu, ndipo ankadziwa kuti kwawoko maliro sagona. Akangopemphera swala ya chakumadzulo, jeneza yonyamulira malemu imanyamuka. Sadikira munthu, ngakhale mwana wa malemu.

"Ana amuna mulipo angati, bambo?"

"Ndekha."

Anayimbira foni a Jailosi, eni nyumba, amene anali ku Milange pa zamalonda. Kiyi wotsegulira chitseko cha chikepe pangozi analipo ndithu, koma mkuluyo anamumangirira ku makiyi a galimoto yake, poti sankakhulupirira munthu aliyense, ngakhale mkazi wake.

"Usachikhudze," anatero a Jailosi. "Amisiri abwera mawa m'mawa. Chitseko chimenecho ndinachiitanitsa kunja, wamva? M'patsireni madzi munthuyo."

"Akukaika mayi ake lero, bwana."

"Kodi amene wamwalirayo athawa?"

Marcia anakwiya koopsa. Zaka zisanu akusesa manyazi a bambo ameneyu, kunamiza alendi, ochita lendi m'nyumbamo, kuti zonse zili m'chimake, lero azimuuza zimenezi? Anadula foni osatsanzika.

Anayamba wakazimitsa magetsi a chikepe kuti chisadzidzimuke munthu ali pakhomo. Kenako anatuma a Sungani, mlonda wachikulire wa nyumbayo, kukabwereka jeke ndi zitsulo zochotsera matayala kwa oyendetsa maminibasi. Anabwera amuna atatu, kumbuyo kwawo kuli chikhamu cha anthu odzaonera.

"Ndiye abwana akadziwa?" anafunsa a Sungani monong'ona.

"Mudzawauze kuti ndine ndalamula. Lowetsani chitsulocho."

Chitseko chinalimba, poti chinalidi chakunja. Anachikanula pang'onopang'ono mpaka panaoneka mpata wolowa mkono. Pansi pake, mumdima, munali nkhope ya a Wahabu ili thukuta lokhalokha. Nthawi inali itapitirira 2 koloko.

A Wahabu anakweza mtolo woyera n'kuukankhira pampatapo.

"Landirani, mayi. Mupatse wa njinga yamoto athamange nayo. Amayi asachedwe chifukwa cha ine. Ndikaona manda mawa."

Anthu anavomereza chapansipansi. Zinali zanzeru ndithu: nsanda ifika, chitseko chipulumuka, nayo ntchito ya Marcia ipulumuka. A Sungani anali atatambasula kale dzanja.

"Bwezani," anatero Marcia. "Mayi anu sanabereke nsalu, anabereka inu. Mupita nayo nokha."

Anagwada, chitenje chili m'chiuno, n'kulowetsa jeke pampatapo yekha. Anapukusa. Chitsulo chinalira, utoto n'kumatuka ngati makoko a mtedza. Wina kumbuyo anati mayiyu wapenga, ndipo Marcia anamuyankha osacheuka kuti ngati ali ndi mphamvu zolankhula abwere adzapukuse. Anabweradi. Chitseko chinapindika, kenako chinachoka m'njanji yake ndi phokoso lomwe linamveka mpaka kumsika.

Amuna awiri anawakoka a Wahabu m'khwapa. Anatuluka mkanjo uli girisi, nsapato imodzi itatsalira m'katimo, koma nsanda ili mbee. Anayamba kuthokoza.

"Thamangani, bambo, zothokoza tidzaonana," anatero Marcia. Anawaperekeza ndi maso pawindo mpaka njinga yamoto imene anakwera inakhotera msewu wa ku Limbuli.

Foni inalira. Wina anali atawatumizira kale a Jailosi chithunzi.

"Wandiphera chikepe changa. Mawa ndisakuone pamenepo."

"Mundiona, bwana," anatero Marcia, akupukuta manja pachitenje. "Ndibwera 7 koloko kudzakupatsani makiyi anu pamaso pa alendi onse. Akandifunsa kuti amisiri anabwera liti komaliza, ndiwauza."

Apa a Jailosi anabweza moto. Anayamba kulankhula mofatsa, kumutchula kuti mwana wanga, koma Marcia anali atapatsira kale foniyo a Sungani. Iye anapita kukafuna chingwe choti atchinge pabowopo, ana angagweremo.