Keshya wa Sikina

Mayi Modesta Bwanali, mphunzitsi wa Sitandade 5 pasukulu ina kuseri kwa Lirangwe, anali ndi mitengo ya keshya makumi anayi ndi iwiri, ndipo wothyolako kanthambi ankaona chomwe chinameta nkhanga mpala. Mtengo uliwonse unali ndi mwini wake, mwana amene anaubzala yekha n'kumauthirira ndi kachigubu kuchokera kumjigo. Kwina konseko kunali mbee! Makala anamaliza zonse, njinga zikungotsetserekera ku Blantyre. Mthunzi unatsala pasukulu pokha.

"Mtengo ndi m'bale wanu," ankatero mayiwo. "Kodi m'bale timamudula?"

"Ayiii!" ana ankayankha mpaka malata kunjenjemera.

Ndiye Lachiwiri lina mu Okutobala kunatulukira azibambo anayi, nkhwangwa zili paphewa. Patsogolo panali a Laston, mkulu wa adzukulu okumba manda.

"Madamu, pepani. A Justus, bambo ake a Sikina wa m'kalasi mwanuyu, atisiya m'mawa uno. Anthu adzaza kusiwa koma azimayi alibe chophikira. Mapesi atha, zitsononkho zatha."

Mtima wa Mayi Modesta unawira. Zaka zisanu akulimbana ndi mbuzi ndi chiswe, lero anthu omwe anagwetsa nkhalango yonse aja akubwera ndi pepani! Koma akanati chiyani? Wokaniza nkhuni pamaliro, tsiku lake adzadziika yekha.

Apo Sikina anafika, atamanga chitenje cha mayi ake, maso ali psuu. Anapita molunjika pamzere wachitatu n'kugwira thunthu.

"Dulani uwu, ndi wanga. Ya anzangayi isiyeni." Kenako anatembenuka. "Madamu, paja munati ndi m'bale wanga. Apite nawo kumaliro a bambo."

Mayi Modesta analira, ana onse akuona pawindo. Nkhwangwa inagunda kasanu ndi kawiri, mtengo uja khuu pansi.

Basi njira inatseguka. Maliro akagwa, banja linkabwera kudzatenga mtengo wa mwana wawo, mwaulemu ndithu, zipewa zili m'manja. Ukanize bwanji wachiwiri utalola woyamba? Amene analibe mwana pasukulupo ankabwereka wa mdzukulu wake. Pofika Khirisimasi zitsa zinali khumi ndi chimodzi, ndipo ana ankazitchula ndi mayina a omwalira: ichi cha a Justus, icho cha agogo ake a Enifa.

Koma mayiwo anali ouma mutu. Mvula itakhazikika mu Januwale ananyamula mbande pa njinga kuchokera ku Mdeka, naitana ana a Sitandade 1, aliyense kadzenje kake. Anaimbitsa nyimbo, anafotokoza za mvula ndi mthunzi ndi mbalame. Palibe amene anatola mbande. Kamnyamata kena, Isaki, kanabisa manja kumbuyo.

"Iwe Isaki, manja ako alumidwa ndi chiyani? Tenga ubzale!"

"Ine ayi, Madamu. Amayi akudwala kunyumba. Ndikabzala, azibambo a nkhwangwa aja abwera kudzadula."

Mayi Modesta anayang'ana ana enawo. Onse manja anali kumbuyo. Mawu aja oti mtengo ndi m'bale analibenso ntchito, chifukwa zomwe ana aja anaphunzira anaziona ndi maso awo pabwalo lomwelo.

Belu linalira, ana anathamangira m'kalasi. Mayiwo anagwada m'matope nayamba kubzala okha, dzenje ndi dzenje, mitengo yopanda mwini.